Mwana Wanga Sanazondedwe

Mwa Amalawi amene timapemphera limodzi mu Dublin muno, palibe anagonapo m'chipatala ine osapita kukamuzonda. Ndikunena mopanda manyazi, wofuna kutsutsa atsutse. Ndimaweruka kunyumba yosungira okalamba kumene ndimagwira ntchito, miyendo ikuwawa, koma ndimaphika phala lotsira nsinjiro, kulithira m'fulasiki, n'kukakwera basi. Kwathu matenda sazondedwa pafoni. Umapita, umakhala pambali pa wodwala, ngakhale nkhani zithe umakhalabe, kuti adziwe kuti anthu sanamutaye. Manesi a kuno amatidziwa. Bedi la Mmalawi limazingidwa ndi anthu mpaka amachita kutichonderera kuti tizilowa awiriawiri.

Ndayamba ndi zimenezi kuti mumvetse chimene chinandipweteka pamene mwana wanga anadwala.

Mwana ndili naye mmodzi, wamwamuna. Ndinabwera naye kuno ali kumsana, bambo ake atamwalira kale. Anakulira m'hositelo ya anthu opempha chilolezo chokhala m'dziko muno, chipinda chimodzi ine ndi iye, mpaka mapepala atatuluka tinapeza nyumba ku Tyrrelstown. Chichewa amamva chonse, ndi miseche yomwe, koma amayankha m'Chingerezi ngati anzake onse okulira kuno. Kufatsa kwake n'kosayamba. Akapeza kangaude m'bafa amamutola ndi kapu n'kukamusiya panja, ine ndili chiimire ndi silipasi m'manja. Ali wamng'ono ndinkamutenga pokazonda odwala, ndipo fulasiki ankanyamula ndi iyeyo.

M'hositelo muja, chipinda choyandikana ndi chathu munkakhala mayi wina wa ku Ntcheu amene anadzabereka mapasa. Tonse timangomuti amake mapasa. Ine ndi iye tinkaitanana kuti asisi, ndipo tinkanena zochokera pansi pa mtima. Atachira movutikira, amene ankamusambitsa ndinali ine. Mapasa aja atakula pang'ono, mwana wanga ndi amene ankawaperekeza kusukulu, ndipo mpingo ukapita kokayenda ku Skerries ankawanyamula paphewa mosinthana kuti aone maboti padoko. Ankamuitana kuti achimwene.

Za magemu zinayamba ngati mmene zimayambira ndi ana onse. Makina ake ndinamugulira ndekha. Mashifiti anga ndi ataliatali, ndiye ndinkati bola akhale m'nyumba kusiyana n'kumayendayenda ndi anyamata osadziwika. Atayamba koleji ku Drumcondra, chaka choyamba chinayenda bwino ndithu. Chachiwiri anayamba kujomba, kenako anangosiyiratu. Chitseko chotseka, makatani otseka, chakudya ndinkachita kumusiyira pakhomo ngati mlendo wamanyazi. Gemu yake inali imodzi yokha, ya asilikali oomberana m'nyumba zogumukagumuka. Poyamba ankavala mahedifoni. Pambuyo pake anawavula n'kukweza phokoso mpaka makoma kunjenjemera.

Ine pakamwa panga ndimapadziwa. Ndinkaima pansi pa masitepe n'kumalalata kuti kodi ndinawolokera nyanja kudzalera chidakwa cha magemu, kuti anzake akumaliza sukulu iye ali kalikiliki kupha anthu a m'galasi. Nthawi zina ankatsegula chitseko pang'ono n'kunena kuti pepani, maso ali psuu chifukwa chosagona, kenako mfuti zija n'kuyambiranso.

Amayi a mumpingo mwathu timasonkhana Lachitatu masana kupemphera m'nyumba mosinthana. Sabata imene inali yanga inakumanizana ndi nkhani ya ku America, kuti mnyamata wina analowa m'sukulu ndi mfuti n'kupha ana. Pa TV ankangobwereza kuti anali wofatsa, wosacheza ndi anthu, wokonda magemu oomberana. Amayi anabwera nkhaniyo ili pakamwa. Tili pakati pa nyimbo, mfuti za mwana wanga zinayamba kulira pamwamba. Nyimbo inazilala yokha. Anthu anayang'anana. Mayi wina ananyamuka, kukatenga kamwana kake kamene kankasewera pamasitepe, n'kukakhazika pamwendo pake. Potuluka ena ananong'onezana m'khonde, ndipo sanadziwe kuti mawu a m'khonde mwanga amakwera mpaka pamwamba.

M'mawa mwake pagulu lathu la pafoni panabwera uthenga wakuti tipempherere nyumba ina ya ku Tyrrelstown zisanachitike za ku America. Dzina sanatchule, koma panalibe wofunsa kuti nyumba yake iti. Abale inu, mtima wanga unapsa. Ndinawayankha kuti mfuti aitenga kuti mu Ireland muno, mmene ngakhale apolisi ambiri amayenda chimanjamanja? Mwana woti nkhuku sanaiphepo chibadwire? Koma kuyambira sabata imeneyo mapasa aja anasiya kubwera kwathu.

Abusa athu ndi a ku Zambia, a ku Chipata, munthu wabwino mtima, sindingawanamizire. Lamulungu titaweruka anabwera ndi akulu ampingo awiri. Anati mzimu wakupha umalowera m'maso, ndipo chinthu chikakhala khomo la mdani chimayenera kutuluka m'nyumba. Ndinavomera. Ndinali nditatopa, komanso ndinkafuna kutseka pakamwa anthu. Anakwera, anapemphera, anazula mawaya, makina aja n'kuwaika m'jumbo lakuda la zinyalala. Mwana wanga sanalimbane nawo. Anakhala pabedi manja ali pakati pa mawondo, n'kunena chinthu chimodzi chokha m'Chingerezi, kuti tengani zonse koma mundisiyireko phokoso. Abusa anapukusa mutu mwachisoni, ine ndinaganiza kuti ndi zonena za munthu wolandidwa chimene anazolowera.

Nyumba inangoti zii. Ndinathokoza Mulungu, ndipo ndinagona tulo tabwino koyamba m'miyezi yambiri.

Patapita masiku ochepa ndinabwera kuchokera ku shifiti ya m'mawa, ndipo ndili panja ndinamva kulira kwa huva, makina oyamwa fumbi. Ndinati kodi lero kwagwanji, mwana wayamba kusesa? Nditatsegula ndinapeza huva ili chiimire m'khonde, ikulira yokha. Wailesi ikulira mokweza. Mpopi wa m'bafa ukutuluka madzi. M'khitchini makina ochapira akuzungulira opanda chovala n'chimodzi chomwe, iye atakhala pansi, khutu ataligunditsa pa makinawo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndilalate, koma nditaona nkhope yake ndinalowa n'kumuyandikira.

Ndinakhala pansi pomwepo ndi yunifolomu yanga. Anandiuza pang'onopang'ono, osandiyang'ana. Anati pali mawu amene amamva, a anthu osaoneka, ndipo anayamba kale, asanasiye koleji, tsiku lina ali m'basi. Amakambirana za iye, amamuseka. Anati mahedifoni ankatsekera mawuwo m'mutu momwemo, n'chifukwa chake anawavula. Chimene chinkaposa mawuwo ndi phokoso la mfuti za m'gemu zija basi. Nthawi zambiri sankasewera n'komwe, ankangosiya msilikali wake ataima pakati pa nkhondo kuti phokoso lisathe. Ndipo kuyambira Lachitatu lija, atamva zimene amayi ankanong'onezana m'khonde, mawu aja anasiya zina zonse n'kumangonena chimodzi: ndiwe yemwe uja wa pa TV, udzapha anthu, ndipo aliyense akudziwa.

"Amayi, kanditsekereni penapake ndisanapweteke munthu," anatero.

Mayo ine. Ndasamalira anthu akufa m'manja mwanga, koma sindinamvepo kuzizidwa ngati tsiku limenelo. Ndinazimitsa mpopi wokha, zina zonse ndinazisiya zikulira mpaka takisi itabwera.

Anamugoneka ku wodi ya matenda a maganizo. Dokotala wake anali mayi wachikulire wolankhula mosathamanga. Ndinamufunsa mosapita m'mbali kuti kodi ndi magemu amene apengetsa mwana wanga, ndipo kodi n'zoona kuti akanapha anthu. Anati achinyamata osewera magemu amenewo ndi ambirimbiri ndipo ambiri sadwala, kuti kusagona ndi kudzitsekera kunawonjezera matendawo koma sakukhulupirira kuti ndiko kunawayambitsa. Anatinso mawu otere amatola zimene munthu akuona ndi kumva, ndiye sizodabwitsa kuti atola mfuti. Za kupha anthu anati iye si mneneri, koma pa odwala ngati mwana wanga chimene amaopa kwambiri n'chakuti angadzivulaze okha. Ndinatuluka m'chipindamo nditapepukidwa mbali imodzi, mbali inayo italemera kuposa kale.

Mankhwala anayamba kugwira. Mawu aja anayamba kumveka patali. Madokotala ndi manesi ankamuuza tsiku ndi tsiku kuti zimene mawuwo akunena ndi bodza, ndi matenda chabe, palibe amene akumuopa. Iye anawafunsa funso limodzi limene nesi wina anadzandiuza, kuti ngati sakundiopa, nanga ali kuti?

Apa m'pamene panagona nkhani. Mwana wa Chiairishi akanaona amayi ake akubwera n'kukhutira. Wanga anakula akunyamula fulasiki. Ankadziwa mmene bedi la Mmalawi limakhalira, ankadziwa kuti munthu akangothyoka chala mpingo wonse umathera kuchipatala. Nthawi yoona odwala ikakwana ndinkamupeza atakhala moyang'ana kukhomo. Ndikalowa ankandimwetulira, kenako maso ake ankadutsa paphewa langa kuona ngati pali wina kumbuyo. Palibe. Mpando wachiwiri umene ankakokeratu unkangokhala. Ndinazindikira kuti mankhwala akulimbana ndi mawu aja mbali ino, anthu anga akuwachitira umboni mbali inayo. Ndinkafuna munthu mmodzi yekha woti alowe, akhale pampandowo, amufunse kuti wadzuka bwanji.

Ndinameza ukali wanga n'kulemba pagulu lija kuti mwana ali m'chipatala, ndipo nthawi yoona odwala ndi yakuti. Mayankho anabwera mofulumira, tizithunzi ta manja opemphera tokhatokha. Wina anati ali pa shifiti. Wina anati wamva kuti kumeneko salola alendo, chonsecho sanafunse aliyense. Abusa anaimba foni, anapemphera nane nthawi yaitali mpaka mawu kusasa, n'kunena kuti abwera mwanayo akakhazikika. Ndinawauza kuti abusa, munthu akakhazikika safunanso omuzonda. Anangoti Mulungu ndi wokhulupirika, amayi.

Ndinapita kwa amake mapasa. Sindinalowe ndi mkwiyo, ndinalowa ngati wopempha mchere. Ndinamufotokozera zonse, za huva, za mawu, za mpando. Analira, misozi ili mbwembwembwe, n'kunena kuti Loweruka abwera, zivute zitani. Ndinamuuza mwana wanga. Loweruka lija anasamba osauzidwa, anapesa tsitsi, anapempha manesi mpando wofewa wa m'chipinda chochezera.

Amake mapasa anabweradi. Anandiimbira kuti ali poimika magalimoto, ndipo ndinatsika kukamuchingamira. Ndinamupeza ataima pambali pa galimoto, chitseko chosatseka, injini ikulira. M'manja anali ndi jumbo la mphesa, juwisi ndi mandasi akadali ofunda. Anayang'ana nyumba ya wodiyo, mawindo ake osatseguka kwambiri, n'kundipatsira jumbolo.

"Asisi, mundikhululukire. Miyendo ikukana. Ndili ndi ana."

Ndinamufunsa kuti ana ake ati, omwe aja ankakwera paphewa pake? Ndinamufunsa ngati akuganiza kuti mfuti waibisa m'pilo. Ndinanena zambiri, zina zosayenera kutuluka m'kamwa mwa mayi wa mvano, ndipo sindinabweze ngakhale limodzi. Iye ankangolira. Anati sakudziwa kuti akamuona anene chiyani, anati nkhope za ana a ku America aja sizikumuchoka m'maso. Analowa m'galimoto n'kupita.

Chipinda chochezera cha wodi ija windo lake linayang'ana poimika magalimoto pomwepo. Ndikukwera ndinkakonza bodza, loti mmodzi wa mapasa wadwala mwadzidzidzi. Nditalowa ndinapeza mwana wanga ataima pawindo, ndipo ndinadziwa kuti bodza langa lilibe ntchito. Analandira jumbo lija ndi manja awiri. Anafunsa ngati mapasa anakhoza mayeso awo. Kenako anazungulira wodi yonse kugawira anzake mandasi, iye osalawako. Mpando wofewa uja anaubweza yekha pamalo pake. Sabata imeneyo mawu aja anabwereranso mwamphamvu, ndipo anamuwonjezera mankhwala.

Anakhalitsa m'chipatalamo, masamba a mitengo mpaka kuyoyoka. Palibe anabwera. Ine kumapemphero a Lachitatu ndinasiya kupita. Sindinalengeze, ndinangosiya, ndipo panalibenso amene anabwera kudzafunsa chifukwa.

Atatsala pang'ono kutuluka, nesi wina anandiitanira pambali. Anati masabata oyamba kunyumba ndi ovuta, munthu amayamba kuona bwinobwino zimene wataya, koleji, anzake, mbiri yake. Anandilangiza kuti mankhwala ndizisunga ndekha, ndipo mipeni yakuthwa ndiichotse pamalo oonekera, kuopa kuti angadzichite choipa. Ndinachita momwemo. Mipeni yonse ndinaikulunga m'chitenje n'kuiika pamwamba pa wadiropu m'chipinda changa. Mulungu ndi mboni, sindinaganizeko za khosi langa. Ndinkaganiza za mikono yake.

Anabwera kunyumba atanenepa ndi mankhwala, akuyenda pang'onopang'ono. Chipinda chake ndinali nditachikonza, makatani otsegula. Anayang'ana patebulo pamene pankakhala makina aja. Tsiku lotsatira masana anatsika n'kunena kuti akumva njala, mawu amene ndinali ndisanawamve kwa nthawi yaitali. Ndinasangalala ngati mwana. Ndinali nditagula buledi wosadula amene amamukonda. Anamutenga, anatsegula kabati ya masipuni, n'kuima. Anasuntha masipuni, anasuntha mafoloko. Anatsegula kabati yachiwiri. Kenako anatseka zonse mwakachetechete, ngati m'nyumba muli wina wagona.

Anatembenuka n'kundiyang'ana, ndipo analankhula m'Chichewa, chimene sachita kawirikawiri.

"Nanunso, amayi?"

Ndinayamba kufotokoza za nesi, kuti mipeniyo ndinaibisa poteteza iyeyo osati ine, kuti ndi lamulo la kuchipatala. Mawu ankatuluka ambirimbiri, ndipo ndinkadzimva ndekha kuti ndikumveka ngati amake mapasa poimika magalimoto paja. Iye ankangogwedeza mutu mwaulemu. Anati palibe kanthu, akumvetsa. Ananyema buledi uja ndi manja n'kuyamba kulowera kumasitepe.

Ndinamuuza kuti aime pomwepo. Ndinakwera, ndinakoka mpando, ndinatsitsa chitenje chija, ndinabwera nacho n'kuchitambasula patebulo. Ndinasankha mpeni waukulu kuposa yonse, umene ndimadulira nyama, n'kumupatsa m'manja, chogwirira chili kwa iye. Ndinatulutsa kabichi m'firiji n'kumuika pathabwa. Ndinamuuza kuti nthawi yatha, ndiwo sizinapse, adule mopyapyala osati zibenthu zake zija. Kenako ndinamufulatira, n'kuyamba kutsuka mbale zimene zinali zotsukatsuka kale.

Mantha ndinali nawo, sindinama. Mawu a nesi aja ankandilira m'makutu, ndipo thupi lonse linkafuna kucheuka kuti ndione kumene mpeniwo waloza, ku kabichi kapena ku mkono wake. Koma ndinadziwa kuti ndikangocheuka, iye aona chinthu chimodzi chokha, ndipo mawu aja apeza mboni yomaliza imene ankaisowa. Ndinagwira mbale imodzi n'kumangoipukuta, maso ali pawindo. Ndinkamva kupuma kwake, ndinkamva basi ikudutsa kumsewu.

Kenako ndinamva mpeni ukulowa m'kabichi n'kugunda thabwa. Unagundanso. Ankadula pang'onopang'ono, akufwenthera, ndipo ine misozi inkagwera m'madzi otsukira mbale. Sindinacheuke mpaka anandifunsa ngati adulenso tomato.